Chozimitsira Moto Chomwe Chinkachapa Suti

Iwe Tadala, tsika pampandopo. Tsika ndati! Ukuyesa sindikukuona? Maso angawa anakalamba pa zowerenga zokha, koma mwana wofuna kuchita zopusa amamuona bwinobwino. Chili pamwamba pa kabaticho si chidole. Ndikudziwa, chikuwala, chogwirira chakecho chikukuitana, ndipo amayi ako anakuuza kuti m'kati mulibe kanthu. Anthu a khonsolo nawo anatero. Ine ndinamva, koma kukhulupirira ndi nkhani ina. Bwerani kuno nonse, mukhale pansi apa. Mayamiko, zimitsa tiviyo. Muziyankha m'Chingelezi chanucho ngati mukufuna, bola makutu akhale a Chichewa.

Chimenecho ndi chozimitsira moto chakalekale, cha mkuwa. Si zofiira zikuluzikulu mumaziona kusukulu kwanu zija ayi. Izi kale ankazimangirira m'malole ndi m'mabasi, pafupi ndi mwendo wa dalaivala. Moto ukabuka mu injini, umapotokola chogwiriracho n'kuyamba kupopa ngati mpope wa njinga, madzi ake n'kumathamanga pa kabowo ka kunsongako. Ndati madzi chifukwa ndi oyera ngati madzi, koma si madzi. Ndi amene anandigwetsera mwamuna wanga, agogo anu aamuna a Mbewe, ine maso ali kwina.

Kuno ndinayamba kubwera ndine, zaka za m'ma 2000 zitangoyamba, kudzasamalira nkhalamba za azungu m'nyumba yosungira okalamba kuno ku Ilford. Agogo anu anabwera pambuyo, atamaliza kugulitsa mbuzi ndi kutsanzika mtundu wonse wa ku Ntcheu. Tinapeza kafulati pamwamba pa shopu ya nyama. Inu ana obadwira m'chisanu simungamvetse. Dzinja loyamba lija ndinkagona nditavala juzi, mpango ndi masokosi a agogo anu, mano akugundanabe. Ndiye tinachita zomwe aliyense wakwathu ankachita. Mawindo onse tinamata ndi selotepi. Timabowo tolowetsa mpweya tapakhoma tinatseka ndi zitenje zakutha, kunsi kwa chitseko n'kuikako thaulo. Landilodi anatiuza kuti timabowoto tisatseke. Ine ndinangomuyang'ana, mumtima ndikuti, iwe ukufuna tife ndi mphepo kuti ulowetse ena.

Tsono agogo anu muwadziwe bwino. Anabadwira ku Zimbabwe, pafamu ya fodya, iwo amati pulazi. Makolo awo anapitako kukafuna ntchito, ndipo bambo awo ndiwo ankayendetsa lole ya pamenepo. Apongozi angawo sindinawaone, anamwalira a Mbewe akadali mnyamata. Agogo anuwo ndinakumana nawo ku Limbe atabwerera kwathu, nawonso akuyendetsa lole. Dalaivala wina aliyense anali girisi yekhayekha, koma iwo malaya ali mbee, mzere wa thalauza wakuthwa. Ndinatengeka ndi malaya, ndisakunamizeni. Ndinadzazindikira titakwatirana kuti malayawo amafuna munthu wowasita. Simbi yake yamakala, ana inu! Umaika makala amoto m'kati, n'kumaikupiza panja kuti ayake, kaphulusa kakagwera pa kolala ndiye kuti wayambiranso kuchapa. Lero amayi anu akuti atopa chifukwa chodina batani.

Kuno a Mbewe anapeza ntchito yotsuka mabasi kugalaja. Mlungu wonse ovolosi, manja akuda bii. Koma Lamlungu ankabwerera kukhala munthu. Anali mkulu wa mpingo, tinkapemphera mu holo ya sukulu, ndipo iwo ankaima kutsogolo atavala suti yawo yotuwa imene anasoketsa ku Limbe. Sutiyo inali ulemu wawo wonse m'dziko la eni. Tsiku lina inadonthera msuzi, anaipititsa kwa ochapa masuti a pa msewu waukulu, n'kubwerako ikunyezimira m'zigongono. Analumbira kuti munthu wa kuno sadzaikhudzanso.

Patapita nthawi, sutiyo inayamba kununkhira. Fungo lake lotsekemera, lozizira m'mphuno, losakhala la sopo wanga. Ine mphuno yanga simuiseweretsa. Ndinanunkhiza kolala, ndinanunkhiza mapewa. Ndinayamba kuyang'ana amayi a kutchalitchi mmodzimmodzi. Powapatsa moni ndinkawakumbatira mokokomeza, iwo n'kumati Mayi Mbewe ali ndi chikondi masiku ano, osadziwa kuti ndikuwanunkhiza m'khosi. Palibe amene anali nalo.

Kenaka ndinaona kuti Loweruka, ine ndikamapita ku shifiti, iwonso akuvala nsapato. Ati ovataimu. Ovataimu yanji yopita munthu atapesa tsitsi? Loweruka lina ndinasinthana shifiti ndi mnzanga, ndinatsanzika ngati ndikupita kuntchito, n'kukabisala kuseri kwa siteji ya basi. Mukuseka chiyani? Ine agogo anu ndinali ndi miyendo nthawi imeneyo. Ndinawatsatira pa basi yosanjikiza ija, iwo m'mwamba ine pansi, mpaka tinakwera kasitima kopanda dalaivala kaja. Kameneko mpaka lero sindikakhulupirira, chinthu choyenda chokha popanda woti n'kumukalipira. Tinakatsikira ku Greenwich, pamsika wa zinthu zakale.

Ndinawapeza. Ataima pa tebulo la mzungu wina wamkazi, wa imvi, mphete zala zonse, akuseka mpaka mano a m'mbali kuoneka. Ine kunyumba ankandisekera choncho liti? M'manja ananyamula chimkuwa, akuchigwedeza pafupi ndi khutu.

"Bambo a Chikondi," ndinatero ndili kumbuyo kwawo, "ovataimu yake ndi imeneyi?"

Anadzidzimuka, chinthucho chinatsala pang'ono kugwa. "Aa, mayi a Chikondi! Mwafika bwanji kuno?"

"Mmene mwafikira inumo."

Mzunguyo anandigwira dzanja, akulankhula Chingelezi chothamanga cha kunochi, akuloza chimkuwacho, akuloza a Mbewe, akupukusa mutu. Iwo ankangoti eya, eya, mofuna kuti asiye. Ine mawuwo sanandilowe, ntchito yanga inali kununkhiza. Mayiyo ankanunkha fodya ndi galu. Fungo la pa suti lija panalibe.

Pobwerera mu sitima, pofuna kundiziziritsa mtima, anandiphunzitsa zonse, ine ndisanafunse. Ati choterechi chinali mu lole ya bambo awo, ndipo atachiona koyamba pamsikapo misozi inalengeza. Anachivundukula mu nyuzipepala n'kundionetsa. Ati ukafuna kudziwa chakale chenicheni uziyang'ana kachikwangwani kapamimba. Chikakhala cha mkuwa, chowotcherera, zilembo zake zotukuka zoti chala chizimva, ndiye kuti n'chachikulu msinkhu, mwina cha nkhondo yachiwiri isanayambe. Zapambuyo ankangomatapo chopenta, zina n'kuzikuta ndi chitsulo choyera chonyezimira. Ati chaka chimene chalembedwapo chisakupusitse, kawirikawiri chimanena pamene boma linavomereza kapangidwe kake, osati pamene ichocho chinatuluka m'fakitale, ndiye chikhoza kukhala chaching'ono kuposa chakacho. Uziyang'ananso kunsi ngati anadindako nambala. Zabodza ziliponso, zopangira alendo, zopepuka, zosalala paliponse, zopanda chipsera ngakhale chimodzi. Ndiponso usachipukute ndi polishi tsiku lililonse, umafufuta zilembo n'kutsala ndi chitini chabe.

"Mwatha?" ndinawafunsa. "M'nyumba mwanga zinyalala za azungu akufa sizilowa. Malo ake ali kuti?"

"Ndikasunga kuntchito, mu loka mmene ndimatsekera zovala," anatero. Anayankha msanga kwambiri, ndipo ine munthu woyankha msanga ndimamukayikira. Koma mtima unali utatsikako poona kuti mkazi uja si mkazi wa nkhani, ndiye ndinazisiya.

Fungo silinathe. Ndipo kunabwera zina. Loweruka ndikaweruka madzulo, ndinkawapeza ali pa sofa, maso ofiira, mutu ukuwawa, akutsokomola. Akaimirira, dzandidzandi, kugwira khoma. Chakudya kukana, ngakhale matemba amene mlongo wanga ankatitumizira, omwe kale ankatha kuwamenyera nkhondo. Tsiku lina anasanza m'sinki. Ndinati basi, nkhani si mkazi, ndi mowa. Mkulu wa mpingo wayamba kumwa mobisa! Ndinagwedeza nyumba yonse kufuna mabotolo, pansi pa bedi, m'masutikesi, m'thumba la ufa. Ndinapeza masokosi otayika okhaokha.

"Tapumirani kuno," ndinawauza.

"Mayi a Chikondi, mukundiyesa chidakwa ine? Chibadwire changa mowa sunadutse pakhosi panga."

"Nanga mukuyenda ngati nkhuku yachitopa bwanji?"

Anakwiya, masiku angapo osandilankhula. Nanenso mutu unkandiwawa ndikalowa m'nyumbamo, koma ndinkati ndi kutopa, kunyamula nkhalamba si masewera.

Lamlungu lina anaima kutsogolo kuti awerenge mawu. Magetsi a mu holo ya sukulu ija ndi owala koopsa, sabisa kanthu. Atakweza nkhope, ndinaona maso awo. Chikasu, ana inu, chikasu chenicheni! Ine ndagwira ntchito ndi odwala, maso otero ndimawadziwa. Sanamalize ndime, anagwira tebulo, miyendo n'kupinda. Amuna anzawo anawawakha asanafike pansi.

Kuchipatala dokotala anawafunsa kuti amamwa mowa wochuluka bwanji. Ngakhale anali atafooka, anayesa kudzuka kuti akangane naye. Dokotala anandiitanira pambali ndi mwana wanga Chikondi, amayi anuwa, amene nthawi imeneyo anali pasukulu ya unamwino. Anati chiwindi chavulala, ndipo impso zikusiya ntchito, mkodzo sukutuluka. Anati pali china chimene chalowa m'thupi mwawo, ndipo akapanda kuchidziwa msanga akhoza kuwataya. Anafunsa za mapiritsi, anafunsa za mankhwala akwathu. Apo ndinati eyaa, mwina ndi zimenezo, amuna akamakula amayamba kutafuna timizu mobisa. Ndinasiya Chikondi pambali pa bedi, ine ulendo kunyumba kukafufuzanso.

Unali m'mawa, nyumba itakhala yotseka chichokere dzulo lake. Nditangotsegula chitseko, fungo lija linandimenya kumaso, lili guu! Ndinalitsatira ngati galu, kudutsa pabalaza, mpaka kubafa. M'bafamo munali kakabati ka boyila yotenthetsa madzi, kamene ine sindinkatsegula chifukwa ndinkaopa mapaipi ake. Ndinatsegula. Kuseri kwa boyila, pamalo otentha kuposa pena paliponse m'nyumbamo, panali zimikuwa zitatu zitakulungidwa m'thaulo langa labwino. Pambali pake kambale ka tiyi ndi kansanza. Chimodzi chinali ndi dzimbiri lobiriwira kukamwa kwake, thaulo litanyowa pamenepo. Loka ya kuntchito inali imeneyi!

Mkwiyo wake, ndinafuna kuzipopera zonse m'toileti kuti zithe. Mulungu yekha anandigwira dzanja, chifukwa mutu unayamba kuzungulira, ndinaona makoma akuyenda. Ndinathamangira kuzenera, kukanganula selotepi ndi zikhadabo, kusolola zitenje m'timabowo, chisanu n'kulowa. Ndinatsikira kushopu ya nyama kukaimba foni kwa Chikondi, iye n'kuitana ozimitsa moto. Anandiuza ndidikire panja, ndisakhudze kanthu.

Anabwera atavala zophimba kumaso. Mkulu wawo, mwamuna wa ndevu zofiira, anawerenga kachikwangwani kaja n'kuimbira kuchipatala pompo, kuwauza dzina la mankhwalawo, dzina lalitali loti lilime langa silingakwanitse. Kenaka anandikhazika pa masitepe n'kundilangiza ngati mwana. Ati mankhwala amenewo analetsedwa kalekale. Mpweya wake wokha umadya chiwindi ndi impso, ndipo akakhudza chotentha amasanduka utsi woopsa kuposa pamenepo. Ati ukapeza chotere, uchinyamule mosamala, ukamva kulemera kapena kuti khuchukhuchu m'kati, usapope, usatsegule, usathire m'sinki kapena m'bini. Uchiike panja pozizira, pouma, popita mphepo, patali ndi hita ndi ana, n'kuitana a khonsolo otenga zinthu zapoizoni. Chosunga m'nyumba ndi chokhacho chimene odziwa achikhuthula n'kuchiumitsa. Ziwiri zinali ndi mankhwala, anazitenga m'chigubu chotseka. Chachitatu anachiyesa n'kupeza kuti chinauma kale, ndicho chimene Tadala amafuna kukwerera mpandochi.

Nditabwerera kuchipatala ndinapeza nkhani ina. Madokotala ankafuna kuwalumikiza ku makina otsuka magazi kuti agwire ntchito ya impso, koma a Mbewe anali atakana. Chikondi maso ali otupa ndi kulira. Ndinakoka katani, ndinakhala pa bedi.

"Zinthu zanu ndazipeza," ndinatero. "Kambale ndi kansanza n'zachiyani?"

Anayang'ana kukhoma. Kenaka anayamba kufotokoza, mawu akutuluka pang'onopang'ono. Ati ku pulazi madalaivala onse ankatero. Loweruka bambo awo ankamasula chozimitsira moto cha mu lole, kupopera pang'ono m'kambale, kunyowetsa kansanza n'kumapukuta suti yawo ya kutchalitchi pansi pa mtengo wa mango. Girisi, msuzi, thukuta la m'kolala, zonse zinkachoka, suti osalowa m'madzi. Akatero ankaiyanika pamphepo. Mzungu wa pulaziyo ankadabwa kuti chozimitsira moto chikuuma bwanji popanda moto. Ndiye agogo anu ataona cha ku Greenwich chija chikuti khuchukhuchu, anati suti yawo yapulumuka. N'chifukwa chake ankasankha zodzadza. Ankachitira m'bafa, chitseko chotseka kuti fungo lisandipeze, n'kusita isanaume bwino kuti ndikamafika ikhale ili m'kabati.

"M'bafa mopanda zenera! Ndi simbi yamoto pamwamba pake! Bambo a Chikondi, mutu wanu unali kuti?"

"Si zimenezo zandidwalitsa," anatero. "Bambo anachita zimenezi zaka ndi zaka. Ichi n'china. Inu simukudziwa."

"Ndiuzeni ndidziwe."

Anandikodola kuti ndiweramire pafupi, Chikondi asamve. Ati matendawa akuwadziwa, anawaonapo. Bambo awo anayamba chimodzimodzi, mutu, chizungulire, kukana chakudya, kenaka maso chikasu, mimba n'kutupa. Anamwalira imvi zisanamere. Pulazi yonse inadziwa kuti anawalodza ndi ang'ono awo, amene ankasirira ntchito ya lole. "Zinapha bambo zija zawoloka nyanja, zandipeza," anatero. "Makina a azungu sangachotse zimenezi. Ndigulireni tikiti, ndikafere kwathu kapena akandione odziwa."

Ana inu, ine ndine munthu wokayikira, mukundidziwa. Ndinakayikira amayi a kutchalitchi, mzungu wa mphete, mowa, timizu. Akanandiuza zimenezi mwezi umodzi m'mbuyomo, bwenzi nditavomera, n'kuwonjezerapo mayina ena a kwawoko. Koma ndinali nditangochoka m'bafa muja, mutu ukundiwawabe, fungo lili m'zovala zanga.

"Ang'ono a bambo anuwo ali kuti lero?" ndinafunsa.

"Anamwalira kale."

"Ine anandionapo?"

"Ayi."

"Nanga ine makoma amandizungulira bwanji lero m'bafa muja? Wandilodza ndani? Ozimitsa moto avala zophimba kumaso poopa bambo anu aang'ono a ku pulazi?" Ndinasendera pafupi. "Mwati bambo anu anayamba ndi mutu ndi chizungulire. Mutuwo unkawawawa tsiku liti?"

Sanayankhe msanga ulendo uno. Ndinaona maso achikasuwo akuyendayenda kudenga, akubwerera kutali.

"Loweruka," anatero. "Amayi ankati ndi kutopa kwa mlungu wonse."

Mwamuna wamkulu analira ngati mwana, misozi kulowa m'makutu. Ankalirira bambo awo, ankaliriranso ang'ono a bambowo, amene anathamangitsidwa pa pulazi ndi miyala. Ine ndinangowagwira dzanja. Atatonthola anati, "Itanani dokotala uja."

Anawalumikiza tsiku lomwelo. Dokotala sanatinamize, anati makinawo angogula nthawi, impso zikhoza kudzuka kapena osadzuka, ndipo tidzadziwira mkodzo. Ndiye moyo wanga wonse unasanduka kudikira mkodzo. Ndikaweruka kuntchito, molunjika kuchipatala. Moni ndinkapereka pambuyo, choyamba maso pa botolo la pambali pa bedi. Louma. Mawa lake, louma. Miyendo yawo inatupa, nkhope n'kusintha, mwamuna wotchena uja atavala kamwinjiro ka chipatala kotseguka kumbuyo. Anthu a kutchalitchi ankabwera kudzaimba motsitsa mawu, ine n'kumaona mmene akuyang'anirana, ndinadziwa kuti ayamba kale kukambirana zotumiza maliro kumudzi. Ndinkachita mantha, ana inu. Ndinkapemphera mu basi, pakamwa pakuyenda, azungu n'kumasuntha kukhala patali.

Masana ena ndinafika nditatopa, mapazi akuwotcha. Ndinapeza katani yokoka. Ndinati basi zachitika. Ndinaima pamenepo osatha kuikankha. Ndiye ndinamva mawu awo m'katimo, ofooka koma aukali.

"Mayi a Chikondi, ngati ndinu musalowe. Ndili pa ntchito."

Ndinalowa. Anali atakhala m'mphepete mwa bedi, thukuta lili pamphumi, botolo lili m'manja. Pansi pake panali timkodzo tochepa, takuda ngati tiyi wopanda mkaka. Ndinawalanda. Linali lofunda. Ine amene kuntchito ndataya mikodzo ya anthu osawerengeka nditatembenuza nkhope, tsiku limenelo ndinanyamula botolo ndi manja awiri, kutuluka nalo m'katani, kudutsa wodi yonse ndikulira mokweza, kufunafuna namwino kuti aone. Odwala ena anadzuka kumandiyang'ana. Namwino, mtsikana wa ku Zambia, atangoliona anaomba m'manja n'kuthamangira dokotala.

Nditabwerera, agogo anu anali atagona chagada, akupuma mwamphamvu, manyazi atawagwira.

"Mayi a Chikondi, mwandichititsa manyazi wodi yonse. Munthu wamkulu kulirira mkodzo?"

"Eya, ndikulirira mkodzo," ndinatero, ndikuwapatsa botolo lina. "Pumulani pang'ono, muyambirenso. Ine ndili pompano."